Nsatsi za Kuseri kwa Khola

Kwathu ndi kumapiri a kum'mawa kwa Dowa, chakufupi ndi malire a Ntchisi, kumene mphepo ya mu Juni imatuwitsa khungu mpaka munthu akadzikanda pamwendo pamatsala mzere woyera. Kuseri kwa khola lathu la mbuzi kunali nsatsi. Amayi sanazibzale m'mizere. Zinkamera zokha pamene pankatsetserekera manyowa, iwo n'kumangozipalira ndi kupatulira zikathinana. Zina zinkatalika kuposa denga la kholalo.

Amayi ankayenga mafuta. Ankathyola nsatsi zokhwima n'kuziyanika pachiguduli mpaka zitayamba kuthetheka zokha. Akapeta, ankakazinga njerezo m'phale, n'kuzisinja mumtondo wakewake umene sitinkaloledwa kusinjiramo china chilichonse, kenako n'kuwiritsa mumphika ndi madzi. Mafuta ankayandama pamwamba, iwo n'kumawengula pang'onopang'ono. Zotsalira ankazikwirira m'dzenje lakuya, chifukwa njere ya nsatsi imapha mbuzi, imaphanso munthu. Pamtengo uliwonse ankasiyapo zina kuti zigwe zokha pansi. Chewe wotsukira tsitsi ankangobudula masamba, osazula. Ufa wofiira wa mlombwa, umene ankasakaniza ndi mafuta podzoza mkazi woti akwatiwe, ankaupera pamwala kuchokera ku zitsa zimene ocheka matabwa anasiya kuphiri. Mtengo wamoyo sanausendepo khungwa. Zaka zimenezo zitsa sizinkasowa, chifukwa amuna anali atalowa m'phiri ndi nkhwangwa, ndipo ukawafunsa ankayankha kuti ndi demokalase.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika chaka chotsatira chisankho chimene chinasintha boma. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nditangobwerera kusukulu atachotsa fizi. Sopo ndi mafuta odzola a m'sitolo zinali zitakwera mtengo moti akazi amene kale ankaseka fungo la nsatsi anayamba kubwera kwathu ndi timabotolo, wina atanyamula mtedza, wina nyemba. Abambo sankakondwera nazo. M'nthawi ya chipani chimodzi iwo ndi amene ankayendetsa makadi a chipani m'mudzi mwathu, ndipo panali anthu amene anabwezedwapo pachipata cha msika chifukwa cha iwo. Tsopano anthu aja anali ndi pakamwa. Abambo ankayenda moweramitsa mutu, ndipo mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti tisapatse anthu poyambira.

Akulu anga, amene ndinapondana nawo, anali atatomeredwa ndi mphunzitsi wina wa pasukulu ya mpingo wathu. Ukwati unali woti uchitike mu Seputembala, fodya atagulitsidwa. Mayi ake a mphunzitsiyo, amene tinali titayamba kale kuwatchula kuti apongozi, anali mtsogoleri wa amayi mumpingo, munthu woti akakhosomola mutchalitchi aliyense ankakhala bwino pampando. Akulu anga anali akuda, khungu losalala lopanda chiphuphu ngakhale chimodzi, ndipo sindinawamvepo akudandaula nalo mpaka Lamulungu lina tikutuluka m'mapemphero. Mchemwali wake wa mphunzitsi uja, amene ankakhala ku Lilongwe, anali atabwera kudzaona makolo. Anawayang'ana akulu anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa mnzake.

"Kodi achimwene anakasankha usiku?" anatero.

Sananene mokweza, koma tinamva. Akulu anga anapereka moni mwaulemu, tinanyamuka.

Tsiku la msika lotsatira tinapita limodzi kukagula ulusi. Msika unali utasintha. Anyamata ogulitsa malonda anali atayala katundu pansi mpaka m'mphepete mwa msewu, zinthu zimene kale sitinkaziona: mabuluku a akazi, mawigi, mapilitsi osalembedwa dzina. Akulu anga anaima pa mnyamata wina amene anali ndi timachubu ndi timasopo. Iye anawauza kuti akamadzola m'mawa ndi madzulo, pakatha masabata awiri amayi awo omwe sadzawazindikira. Anagula kachubu kamodzi ndi kasopo, n'kubisa m'kati mwa bulauzi.

"Ukanena, iwe si m'bale wanga," anandiuza tikukwera chitunda cha kwathu.

"Nanga amayi akaona?"

"Aona chiyani? Iwe ungolumbira."

Ndinalumbira. Kachubu kaja anakasomeka m'denga la kanyumba kamene tinkagonamo awiri.

Masiku omwewo amayi anayamba kuwakonzekeretsa. Masana aliwonse akulu anga akasamba, amayi ankawakhazika pamphasa kuseri kwa nyumba n'kuwadzoza mafuta osakaniza ndi mlombwa m'mikono, m'miyendo ndi pang'ono kumaso. Akulu anga ankakhala phee. Amayi akachoka, iwo ankalowa m'kanyumba kaja, kupukuta nkhope ndi kansalu, n'kudzola za m'chubu. Zinkanunkhira ngati maluwa, koma pansi pa fungolo panali lina lowawa ngati la mankhwala opopera fodya.

Patatha masabata atatu nkhope inayamba kuyera. Makutu ndi khosi zinatsala zakuda. Kuchitsime akazi ankawayamikira, ndipo ena anabwera kwa amayi kudzapempha mafuta omwewo amene ankadzoza mkwatibwi.

"Mafuta anga sayeretsa munthu," amayi ankawayankha. "Amangofewetsa khungu ndi kutseka mang'a."

Akaziwo ankaseka, poganiza kuti amayi akubisa. Tsiku lina amayi anagwira chibwano cha akulu anga n'kuwatembenuzira kudzuwa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ukudzola chiyani china?"

"Palibe, amayi. Ndikumakhala m'chigafa tsiku lonse kusankha fodya. Dzuwa silikundiona."

Amayi anawasiya. Anayang'ana kwa ine, ine ndinaweramira nyemba zimene ndinkasankha.

Kachubu koyamba katatha, akulu anga anagula kena. Chakumapeto kwa Julaye tinakhala tsiku lonse padzuwa tikututa chimanga chimene chinatsalira kumunda wakutali. Pobwerera ankadandaula kuti kumaso kukuwotcha ngati apakako tsabola. M'mawa mwake ndinadzuka n'kuwapeza atakhala pamphasa atagwira kalilole. Nkhope inali itatupa, maso atangotsala timizere. M'masaya munali matuza, ena ataphulika kale akutuluka madzi.

Amayi atawaona sanafunse kanthu. Anatenga madzi owiritsa, anawasambitsa kumaso ndi kansalu koyera, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Iwo sakanatha kupita chifukwa abambo anali kumsika wa fodya ndipo pakhomo panalibe wina. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu, akulu anga atafunda chitenje kumutu, n'kukwera matola.

Kuchipatala namwino wina wachikulire anawavundukula, n'kuyang'ana masaya, kenako makutu, kenako zala.

"Mwakhala mukudzola chiyani?"

"Mafuta a nsatsi. Amayi amayenga."

"Okhawo?"

"Okhawo. Ndi ufa wa mlombwa."

Namwinoyo anatembenukira kwa ine. "Ndi zoona zimenezi?"

Akulu anga anandiponda chala cha kuphazi. Ndinati sindikudziwa. Namwino anapukusa mutu, anapereka mankhwala opaka ndi mapilitsi, n'kunena kuti chilichonse chimene akhala akudzola achisiye, ndipo asayende padzuwa. Chitseko chinali chotsegula. Pabenchi lapanja panali mayi wina wa mumpingo mwathu amene anabwera ndi mwana wodwala, ndipo anatipatsa moni mwachifundo kwambiri. Iye anakwera galimoto yoyamba, ife yachiwiri. Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike.

Poyamba ankangoti mafuta a amayi awotcha mwana wawo. Pasanathe masiku atatu nkhani inali itakula. Ankati amayi anathiramo mankhwala a chikondi kuti mphunzitsi asadzayang'ane mkazi wina, ndipo mankhwalawo anatembenukira mwana wawo yemwe. Ena anakumbutsa kuti asing'anga nawonso amathira mafuta a nsatsi m'nsupa zawo. Wina anati ndi chifukwa chake nkhope inayera kaye, poti mafuta wamba sangatero. Akazi amene ankabwera ndi timabotolo anasiya kudutsa pakhomo pathu. Mmodzi anabwera masana, anaima pakati pa bwalo, n'kukhuthulira mafuta ake pansi amayi akuona.

"Ndakhala ndikudzoza ana anga zimenezi," anatero. "Akadwala ndidziwa kobwera."

Amayi anatenga phulusa n'kuwaza pamene panathiridwa mafutapo kuti nkhuku zisapalasepo.

Abambo anabwera kuchokera kumsika atamva kale zonse m'galimoto. Sanakhale pansi. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwanje, n'kulunjika kuseri kwa khola. Ndinamva mitengo ikugwa umodziumodzi. Tsinde la nsatsi ndi lamphako, likamadulidwa limalira ngati bango. Amayi anapita kukaima pafupi, manja atapinda pachifuwa.

"Mitengoyi yalakwa chiyani, bambo?"

"Ndinakuuzani kuti tisapatse anthu poyambira. Akhala akundidikirira chaka chonse. Mukufuna abwere kudzatentha nyumba ino?"

"Mwandifunsa ngati ndinathiramo kanthu?"

"Sindikufunsani. Kaya munathira kaya simunathire, kwa iwo n'chimodzimodzi."

Anadula yonse, osasiya ndi umodzi womwe. Atachoka, amayi anagwada pakati pa mitengo yogwayo n'kuyamba kuthyola zimene zinali zitakhwima, kuika m'lichero. Ndinapita kukawathandiza. Nsatsi zinkandibaya m'manja ndi timinga take.

Lachitatu kunabwera kalata yochokera kwa akulu a mpingo. Amayi ankawafuna Loweruka m'mawa, pamodzi ndi abambo, akulu anga ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Inenso ankandifuna, poti ndi ine ndinapita kuchipatala. Madzulo ake akulu anga anasolola kachubu m'denga n'kundipatsira.

"Kakataye m'chimbudzi."

"Akulu, amayi awadula mumpingo."

"Sawadula. Angowadzudzula basi. Ukudziwa amene amadzola zimenezi anthu amawatcha chiyani? Akazi a m'mabala. Apongozi akamva zimenezo, ukwati watha. Pita."

Ndinapita mpaka pakhomo pa chimbudzi. Ndinaima pamenepo kachubu kali m'manja. Sindinganene kuti ndinali nditaganiza chochita, chifukwa sindinaganize. Ndinangolephera kukaponya. Ndinakamanga pakona ya chitenje changa, n'kubwerera kukawauza kuti ndataya.

Lachisanu ndinapita ndi amayi kudimba kukathirira mpiru. Tinali awiriwiri. Nditatunga ndowa yachitatu ndinaitula pansi n'kuwauza zonse, kuyambira mawu a Lamulungu lija mpaka mnyamata wa kumsika. Amayi anapitiriza kuwaza madzi ndi dzanja mpaka bedi lonse linanyowa.

"Ndinadziwa tsiku limene ndinachapa kansalu kamene amapukutira kumaso," anatero. "Fungo lija si langa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinamufunsa, anakana. Ndinati ndimusiye, kachubu kakatha zithera pomwepo. Pamenepo ndi pamene ndinalakwa ine."

"Mawa mukanena?"

"Ayi. Iwenso sukanena."

"Koma akuti ndinu wamankhwala, amayi."

"Anene. Akandiimitsa mgonero miyezi ingapo, ndidzabwerera. Ine ndinakwatiwa kale. Mkulu wako akamutcha dzina lija, silidzamuchoka. Wandimva?"

Ndinati ndamva. Sindinawauze kuti kachubu kali pachitenje chimene ndavala.

Loweruka tinakhala m'kalasi ina ya pasukulu, pafupi ndi tchalitchi. Akulu a mpingo asanu anakhala kutsogolo, kuseri kwa tebulo la aphunzitsi. Apongozi anakhala pampando chapambali, atavala duku loyera. Ife akazi tinakhala pansi, akulu anga atafunda chitenje mpaka m'maso. Abambo ndi amalume, amene anali ankhoswe athu, anapanikizana padesiki limodzi la ana. Mphunzitsi uja anakhala kumbuyo kwenikweni. M'mawindo munalibe magalasi, ndipo kunja kunali anthu amene ankanamizira kuti akusesa pabwalo la tchalitchi.

Atapemphera, mkulu wina wa imvi, amene ankatsogolera, anafunsa amayi kuti afotokoze zimene amathira m'mafuta awo. Amayi anali atabwera ndi botolo, njere zodzaza dzanja ndi kachidutswa ka mlombwa. Anaziika patebulo, anagwada, n'kufotokoza mmene amayengera, osasiya kanthu. Anathira mafuta pachikhatho n'kudzola kumaso kwawo pamaso pa onse.

"Ndadzola zimenezi chibadwire," anatero. "Ana anga onse ndinawadzoza ali makanda."

"Botolo lobwera nalo kuno munthu amasankha," apongozi anatero, osawayang'ana amayi. "Ife tikufunsa za limene munadzoza mwanayu. Ndipo zofiirazo n'za chiyani? Si zimene amapaka anamwali a kumudzi? Mkhristu amazifuna za chiyani?"

"Ndi mtengo chabe, mayi. Mipando ya mutchalitchi muja ndi ya mtengo womwewu."

Mkulu mmodzi anatsala pang'ono kuseka, koma anabisa ndi chifuwa. Apongozi sanakondwe. Anapempha kuti akulu anga avundukule nkhope. Anavundukula. Kutupa kunali kutaphwa, koma m'masaya munali nkhanambo, ndipo m'mbali mwake khungu linali litayamba kuda kuposa kale. Ndinatembenuka kuyang'ana mphunzitsi. Iye ankayang'ana padesiki.

"Mtengo chabe sungachite zimenezo," apongozi anatero. "Ine mwana wanga sindingamupereke m'nyumba imene ndikuopa kumwamo madzi."

Anakambirana nthawi yaitali. Amalume anayesa kunena kuti mwina ndi matenda wamba, koma ankhoswe a mbali inayo anafunsa kuti ndi matenda anji amene amayamba ndi kuyeretsa munthu. Pomaliza mkulu wa imvi uja ananena zimene anagwirizana. Mwana alibe mlandu, ndipo ukwati ukhoza kupitirira nkhope ikapola. Koma amayi aime pamaso pa mpingo Lamulungu, avomere kuti anagwiritsa ntchito mankhwala, aimitsidwe mgonero, ndipo mtondo ndi mphika uja ziphwanyidwe akulu a mpingo akuona. Apongozi anawonjezera chawo: Mulungu akadzapereka ana m'banjamo, amayi asadzawasambitse kapena kuwadzoza chilichonse.

Ndinaona msana wa amayi ukugwedezeka pa mawu omalizawo.

"Ndamva, akuluakulu," anatero. "Ngati ndi mmene mwaonera, ndidzaima."

Mkulu wa imvi anayamba kutseka buku lake, kenako anakumbukira. "Mwana uyu tinamuitana koma sitinamufunse. Iwe, unali kuchipatala. Pali chimene unamva kapena kuona chimene sichinanenedwe pano?"

Amayi anatembenuza mutu pang'ono. Akulu anga anali pambali panga, bondo lawo likukhudza langa. Ndikanatha kunena kuti palibe, ndipo aliyense akanaimirira kupita kwawo. Ndinayamba kumasula mfundo ya pachitenje, ndipo inali itamangika kwambiri moti ndinachita kuiluma ndi mano anthu onse akundiyang'ana. Ndinayenda chogwada mpaka patebulo n'kuika kachubu kaja pambali pa botolo la amayi.

"N'chiyani chimenechi?"

"Mafuta oyeretsa khungu. Akulu anagula kumsika. Ndinali nawo."

Mkuluyo anakatenga, anakatembenuza, koma zolembedwapo zinali m'chiyankhulo chimene sankachidziwa. Anaitana mphunzitsi. Iye anabwera, anayang'ana chithunzi cha mkazi woyera chimene chinali pachubupo, n'kunena motsitsa kuti amatidziwa timachubu timeneti, ali nato ambiri m'tauni. Anabwerera kumpando wake.

"Ndi zoona, mwana wanga?" mkuluyo anafunsa akulu anga.

Sanalire. Anayankha ndi mawu ouma amene sindinawamvepo. "Ndi zoona. Ndinagula ndekha, kawiri. Amayi anandifunsa, ndinawanamiza. Ndinagula chifukwa alamu anga anafunsa pakhomo pa tchalitchi ngati achimwene awo anandisankha usiku."

Apongozi anakonza duku lawo. "Mawu a nthabwala sapangitsa munthu kukhala wabodza," anatero. "Wanama kwa mayi ake, wanama kuchipatala, ndipo wakhala pano m'mawa wonse akuonerera mayi ake akuweruzidwa. Ine ndamva zokwanira."

Anaimirira n'kutuluka pemphero lotsekera lisanachitike. Mwana wawo anawatsatira. Mkulu wa imvi anauza amayi kuti alibe mlandu ndipo zonse zimene zinanenedwa zafafanizidwa, koma anawalangiza kuti zofiirazo azisiye kuti asakhumudwitse ofooka. Amayi anathokoza, anatola botolo lawo ndi njere zawo. Kachubu kanatsala patebulo.

Pobwerera tinayenda motalikirana, abambo ndi amalume patsogolo, akulu anga pakati, ine ndi amayi pambuyo. Titawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi amayi anaima.

"Dzulo ndinakuuza chiyani?"

"Akanakuletsani kugwira adzukulu anu, amayi."

"Amenewo anali mavuto anga. Ndinali nditasankha."

Sanandimenye, sanandikalipire. Anangokhala masiku ambiri akundiyankhula zokhazo zimene zinali zofunika: tunga madzi, tsekera mbuzi. Akulu anga anasamutsa mphasa yawo kupita kukhitchini.

Patatha masabata awiri ankhoswe a mbali ija anabwera kudzanena kuti ukwati wayamba waima kaye. Sanabwerenso. Chaka chotsatira tinamva kuti mphunzitsi uja wasamutsidwira kusukulu ina ndipo wakwatira komweko. Dzina limene akulu anga ankaliopa linanenedwadi, kuchitsime ndi kuchigayo, ndipo pasanathe mwezi ankhoswe aja atabwera, amayi anawaperekeza kwa amayi aang'ono ku Ntchisi. Tsiku limene ankanyamuka ndinawanyamulira chikwama mpaka kumsewu. Anachilandira osandiyang'ana.

Kwa amayi palibe amene anabwera kudzapepesa. Mvula yoyamba itagwa, kuseri kwa khola kunamera nsatsi zambirimbiri kuchokera ku njere zimene zinagwa tsiku lodula lija. Abambo polambula pakhomo anazilambalala, ndipo nkhaniyo sinakambidwe. Akazi anayamba kubwerera mmodzimmodzi nyengo yozizira itafika. Uja anakhuthula mafuta pabwalo anabwera ngati wodzabwereka sefa, anakhala, anacheza za mvula ndi za feteleza, ndipo potsanzika anatulutsa kabotolo m'chitenje. Amayi anamuthirira. Mlombwa sanausiye, koma ankangodzoza amene wachita kupempha yekha, ndipo ankatero m'nyumba.

Akulu anga ndinawaonanso patatha zaka ziwiri. Anali atakwatiwa ndi kalipentala wa ku Ntchisi komweko, munthu wofatsa amene anawapeza nkhope ili kale ndi zigamba ziwiri zakuda m'masaya, zimene ali nazo mpaka lero. Anabwera kwathu kudzachira mwana wawo woyamba, ndipo amayi ndi amene anamusambitsa. Masiku oyamba tinkangopatsana moni. Tsiku lina masana amayi ali kumunda, anandiitana kuti ndiwatsuke tsitsi, poti msana unkawapweteka akawerama. Ndinafikisa chewe m'beseni mpaka madzi anayamba kuterera, n'kuyamba kuwatsuka. Anali ataweramitsa mutu, nkhope sindinkaiona.

"Kachubu kaja unakasunga kuyambira Lachitatu," anatero.

"Eya."

"Masiku atatu tikugona nyumba imodzi."

"Eya, akulu."

"Zoti unanena sindikudandaula nazo. Ndikanakhala m'nyumba mwa mayi uja ndikudziwa zimene ndinawachita amayi, sindikanakhalitsamo. Koma ukanandiuza kaye kuti sunataye. Mwina ndikanaima ndekha."

"Mukanaima?"

Anapukuta m'maso, madzi akutsikira m'beseni.

"Sindikudziwa," anatero. "Koma sunandipatse mpata woti ndidziwe."

Mwana anayamba kulira m'nyumba, iwo anandiuza kuti ndifulumire kutsukuluza.